BUKU LA NTHAWI SILIPHUNZITSA MWANA

Abale anga ogwira nchito a m'makomboni, amuna ndi akazi omwe,

Ine wolemba mau awa sindine mphunzitsi ai, ndipo sukulu ndinalekezera Giredi 7. Ndinali kalaliki pa mgodi wina wa ku Copperbelt zaka 9, kufikira tsiku limene anatiitana mu ofesi natiuza kuti nchito yacepa. Tsopano ndikhala muno mu Lusaka ndi banja langa, ndipo ana anga awiri ali pa sukulu ya Boma ya m'komboni mwathu. Wina adzafunsa kuti, "Nanga munthu wa Giredi 7 adziwa ciani za sukulu?" Ndibvomera kuti kuphunzitsa sindikudziwa. Koma za nchito ndizidziwa, ndi za anthu oyang'anira anzao pa nchito ndizidziwanso, pakuti ndinakhala nao pafupi ndi kulemba mabuku ao. Sukulu nayo ndi malo a nchito, ndipo mphunzitsi ndi wanchito monga inu ndi ine. Cimeneci ndico timaciiwala.

CIMENE NDINAONA M'KALASI

Tsiku lina madzulo ndinapatsa mwana wanga wamkazi wa Giredi 4 pepala la ku kiliniki kuti andiwerengere. Mwana anayang'ana pepala, nayang'ana ine, nayamba kulira. Zaka zinai pa sukulu, koma mau atatu osawalumikiza! Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo m'mawa mwace ndinapita ku sukulu nditakonzeratu mau okalipira mphunzitsi wace.

Nditafika pakhomo pa kalasi ndinaima. Cizolowezi ca ukalaliki sicicoka msanga, cotero ndinayamba kuwerenga mitu ya ana. Ndinapeza 93. Pa desiki la ana awiri anakhalapo anai, ndipo ena anali pansi pa masaka, mabuku ali pa maondo. Kutsogolo kunali mai wacicepere, coko kumanja, mau atasasa monga munthu wocokera ku maliro. Pa thebulo pace panali mulu wa makope wofika m'cifuwa.

Anaturuka kudzandilonjera. "Mwabwera bwanji, atate ace a mwana?"

Ndinati, "Aphunzitsi, ndabwera cifukwa mwana wanga sadziwa kuwerenga."

Iwo anati, "Ndimdziwa mwana wanu, amakhala ca kukhoma uko. Sali yekha ai. Ndikamaliza awa pa 12 koloko, ndilowanso m'kalasi lina masana, cifukwa mnzanga ali pa chuthi ca ubereki ndipo palibe wolowa m'malo mwace."

Pobwerera kunyumba ndinacita masamu a kalaliki. Ngati phunziro liri la mphindi 40 ndipo ana ali 93, mwana ali yense salandira ngakhale theka la mphindi. Ngati mphunzitsi apatsa kope liri lonse mphindi ziwiri zokha pocongera, atha maora atatu ndi mphindi 6, ndipo limenelo ndi phunziro limodzi cabe. Mau anga okalipa aja ndinabwerera nao m'thumba.

KHOMO LATSEGUKA, NYUMBA SINAKULE

Pasakhale wina woganiza kuti ndirikudandaula ndi sukulu yaulere. Ine ndine mmodzi wa iwo amene anatsekeredwa kunja. Atate anga anacotsedwa nchito pa nthawi imene migodi inagulitsidwa, ndipo ngakhale Boma linacotsa malipiro a Giredi 1 kufikira 7 mu 2002, Giredi 8 inali yolipira. Mayeso ndinakhoza, koma ndalama kunyumba kunalibe. Anzanga amene ndinali kuwaposa masamu anapitirira, ine ndinatsala.

Cotero pamene Boma linacotsa malipiro kufikira Giredi 12 mu January 2022, ndinakondwera koposa. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi, ndipo cimeneco sicinali cinthu cacing'ono. Koma ana amene anali kugulitsa madzi ndi zitumbuwa pa msika anabwerera onse pamodzi, ndipo zipinda sizinaculuke pa liwiro limene ana anaculukira. Khomo latseguka, koma nyumba ikali yomweyo. Katundu yense wa kusinthaku wagwera pa msana wa munthu mmodzi, ndiye uja waima pa bolodi. Tsono funso langa ndi ili: munthu wosenza katundu wotere afunika kumuyang'anira motani?

MAKAPITAO AWIRI

Pa mgodi ndinadziwa makapitao ambiri, koma awiri sindidzawaiwala.

Woyamba anali munthu wa mau akuru. Iye anali kuima pafupi ndi cikepe, wochi kumanja, kuwerenga ocedwa. Anthu ace akalowa pansi, iye anali kutsalira m'mbuyo pa malo abwino ndi kupfuula cakutali kuti miyala ituruke. Akafunsidwa ndi akuru cifukwa cace nchito yacepa, anali kuchula maina a malaisha, osachula lace. Anthu anali kumuopa, koma akatembenuka msana mafosholo anali kugona. Mwezi uli wonse ndinali kulemba makalata a anthu opempha kucoka m'gulu lace.

Waciwiri anali mkuru wofatsa. Inu amene munagwirako pansi mudziwa kuti akaphulitsa miyala, munthu salowa wamba. Pafunika wina ayambe walowa ndi mgwala, agogode denga, amve kulira kwa mwala. Mwala wolimba uli ndi mau ace, wosweka ulinso ndi mau ace, ndipo woswekawo ayenera kuugwetsa anthu asanalowe. Mkuru ameneyu sanali kutuma mnyamata ai, anali kulowa yekha poyamba. Akaturuka ndi kunena kuti "Lowani," anthu anali kulowa ndi mtima wonse. Anali kudziwa amene mkazi wace adwala, ndi amene wagona ndi njala. Koma sanali wofewa. Munthu wobwera atamwa anali kumubweza pa cipata pomwepo, ndipo palibe amene anali kung'ung'udza, cifukwa onse anadziwa kuti mkuruyu safuna kwa munthu cinthu cimene iye mwini sacita.

Makapitao awiri amenewa anali ndi malamulo amodzi, malipiro amodzi ndi buku limodzi. Kusiyana kwao kunali pa malo amene ali yense anali kuima.

CHIMO LANGA NDI BUKU

Pano ndiyenera kuulula kanthu kanga. Nchito yanga inali kusunga buku la nthawi: wafika liti, waturuka liti, wajomba ndani. Tsiku lina bambo wina wa gulu la kapitao woyamba uja anafika gulu lace litatsika kale. Anati usiku wonse anali ku cipatala ndi mwana wodwala malungo, ndipo anaonetsa pepala. Kapitao anati, "Kalaliki, lemba kuti sanabwere." Ine ndinalemba. Ndinaopa nchito yanga. Bambo uja anataya malipiro a tsikulo, ndipo sanandinene kanthu, anangondiyang'ana. Kufikira lero ndikaona colembera cofiira ndikumbuka maso aja.

Kucokera pamenepo ndinadziwa kuti buku la nthawi linena zoona zocepa kwambiri. Linena kuti munthu analipo, koma silinena ngati anagwira ndi mtima. Linena kuti anacedwa, koma silinena cimene cinamcedwetsa. Mtsogoleri amene adziwa anthu ace kupyolera m'buku mokha sawadziwa konse.

Ndirikunena izi cifukwa pa sukulu ya ana anga ndinakumana nalonso buku lomwelo. Mphunzitsi wamkuru amene analipo nthawi ija anali kukhala mu ofesi ndi buku losainamo aphunzitsi. Nthawi ikakwana anali kujambula mzere wofiira, ndipo wosaina kunsi kwa mzere anali kuitanidwa ndi kukalipiridwa, nthawi zina pamaso pa ana. M'kalasi sanali kulowamo, kupatula pamene kulikubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro. Makalasi obvuta anali kupatsidwa kwa aphunzitsi atsopano, opepuka kwa okondedwa. Mphunzitsi wina amene makolo tonse tinali kumtama anapempha kusamutsidwa, napita. Buku linali loyera bwino, lopanda colakwa, koma mwana wanga sanali kuwerenga.

Pambuyo pace kunabwera mai wina kudzakhala mphunzitsi wamkuru. Buku sanalitaye, ndipo mzere ajambulabe. Koma sabata yoyamba yomwe anatenga ana osadziwa kuwerenga a m'makalasi ang'ono, nawakhazika pansi pa mtengo m'mawa muli monse, naphunzitsa okha. Anakhala pansi ndi aphunzitsi onse nagawanso makalasi poyera, ali yense alikuona. Mphunzitsi akacedwa amayamba amfunsa, ndipo akacedwanso popanda cifukwa amamlembera kalata. Sindinena kuti zonse zakonzeka ai. Kalasi la mwana wanga likali lodzaza, ndipo masaka akali pansi. Koma pepala la ku kiliniki aliwerenga tsopano, pang'ono pang'ono, cala ciri pa mzere.

ZIMENE ENA ADZANENA

Ndidziwa kuti ena mwa inu mudzati, "Kalaliki iwe ulikuikira kumbuyo aphunzitsi. Kodi sudziwa kuti alipo ofika atanunkha mowa, ena ocoka nthawi isanakwane kukayang'ana malonda ao, ena ophunzitsa mwaulesi m'kalasi kuti ana abwere kunyumba kwao madzulo ndi ndalama?" Ndidziwa, ndipo sindibisa. Amenewa alikuba, ndipo alikubera mwana wa munthu wosauka amene alibe kwina kopita. Kulinso ena oononga ana akazi amene anapatsidwa kuti awasunge, ndipo otere malo ao ndi ku khoti. Dziko lino liri ndi lamulo la uphunzitsi la 2013, limene linakhazikitsa Teaching Council of Zambia kuti ilembe aphunzitsi m'kaundula ndi kulanga olakwa. Lamulo limenelo ligwire nchito.

Koma taonani, ndani angathe kudzudzula waulesi ndi kumveka? Ndi uja amene aphunzitsi amuona ali ndi coko m'manja. Wokhala mu ofesi akakalipa, waulesi ndi wakhama onse amva cimodzimodzi, ndipo wakhama ndiye ayamba kufooka, pakuti aona kuti thukuta lace ndi ulesi wa mnzace zilembedwa mofanana m'buku.

Ena adzati mphunzitsi wamkuru ali ndi nchito yambiri ya mapepala, makamaka tsopano pamene sukulu ziyendera ndalama zocokera ku Boma, ndipo ngwee iri yonse ifunika kulongosoledwa. Izi nzoona, ndipo ine amene ndinakhala pa mapepala ndidziwa m'mene adyera nthawi. Yankho lace nlakuti nchito ya kalaliki ipatsidwe kwa kalaliki. Kutenga mphunzitsi wodziwa bwino koposa onse ndi kumsandutsa wosunga malisiti kuli ngati kutenga mmisiri wa matabwa ndi kumuika kulonda pa cipata. Ngakhale ziri conco, ora limodzi pa tsiku lipezeka. Akuru anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wobvomera mpando abvomerenso fumbi la coko.

TISAIWALE KUMENE TICOKERA

Acinyamata ambiri sadziwa kuti m'dziko lino mphunzitsi anali munthu wotani. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, anthu akuda a dziko lino amene anatsiriza yunivesite anali ngati 100 cabe. Sukulu ya sekondale ya Munali inatsegulidwa mu 1939, ndipo University of Zambia inayamba mu 1966. M'zaka zimenezo munthu wowerengera anthu kalata, wolemba madandaulo ao ndi kuwaimira pamaso pa Bwanamkubwa anali mphunzitsi kapena kalaliki.

Dauti Yamba, mphunzitsi wa ku Luanshya, ndiye anatsogolera Federation of African Societies mu 1946. Lawrence Katilungu anayamba ndi uphunzitsi asanalowe pa mgodi wa Nkana, ndipo mu 1949 anakhala mtsogoleri wa cigwirizano ca anthu akuda a m'migodi. Harry Nkumbula anaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe. Simon Kapwepwe anali mphunzitsi. Kenneth Kaunda anaphunzitsa ku Lubwa, ndipo pambuyo pace ku Mufulira. Anthu amenewa utsogoleri anauphunzira pa bolodi, pamene munthu sungathe kubisala kumbuyo kwa thebulo, ndipo ngati sunamveke uona wekha pa nkhope za ana.

Lero mphunzitsi tamuika pati? Timkumbuka mwana akalephera mayeso. Pa sitolo timuseka kuti malipiro ace atha ndi ngongole mwezi usanafike pakati, ngati kuti athu satero. Mwana amamva zonsezi, ndipo m'mawa akhala pamaso pa munthu amene atate ace anamnyoza usiku. Adzamvera bwanji?

TSONO TICITE CIANI?

Kwa makolo anzanga ndinena zinai.

Coyamba, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukaitanidwa tipiteko. Pa msonkhano wathu wapita makolo sitinadzaze ndi kalasi limodzi lomwe, ndipo amuna tinali owerengeka pa zala. Tinena kuti tatanganidwa ndi nchito, koma ku mpira tipeza nthawi. Sukulu kukhala yaulere sikutanthauza kuti yaleka kukhala yathu.

Caciwiri, tifunse za ndalama za CDF. Mu 2022 ndalama zimenezi zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo zina mwa nchito zace ndi kumanga zipinda za sukulu ndi kugula madesiki. Zopempha ziyambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu. Dziwani amene akhala m'komitiyo, dziwani khansala wanu. Pitani ndi ciwerengero colembedwa: ana angati, madesiki angati, zimbudzi zingati. Ine ndaona pa nchito kuti dandaulo la pakamwa liuluka ndi mphepo, koma lolembedwa ndi manambala libvuta kulikana.

Cacitatu, ngati mphunzitsi wakulakwirani, pitani mukaonane naye monga akuru, ndipo zikakanika pitani kwa mphunzitsi wamkuru. Musamtukwane pa cipata ana alikuona. Inu kapitao akakukalipirani pamaso pa anzanu, mugwira bwanji tsiku limenelo?

Cacinai, madzulo mwana akuwerengereni, ngakhale mphindi 10 zokha. Kukhale buku, kukhale pepala la ku chalichi, kukhale cikwangwani ca pa thumba la ufa. Ngati inu simudziwa kuwerenga, khalani naye pansi mumvetsere, ndipo mwana wa pafupi wa kalasi lapamwamba athandize, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphindi 10 zanu ziposa kutali theka la mphindi limene alandira m'kalasi. Ine ndinacedwa zaka zinai kuti ndizindikire bvuto la mwana wanga, ndipo mlandu umenewo sindingaukankhire kwa mphunzitsi. M'mera mpoyamba.

Kwa aphunzitsi ndinena kuti, katundu wanu tauona. Koma kumbukirani kuti mwana wa malaisha, wa mlonda ndi wa mai wogulitsa tomato alibe mphunzitsi wina koma inu. Wolemera akaona kuti zinthu sizirikuyenda asamutsa mwana wace, ife tiribe kosamutsira. Ndipo mnzanu akamaononga nchito musambise, cifukwa dzina loipa ligwera nonse.

Kwa aphunzitsi akuru ndinena kuti, turukani mu ofesi. Tengani kalasi lobvuta koposa onse, ngakhale ora limodzi. Gawani nchito poyera. Mphunzitsi watsopano musamponye m'kalasi la ana 90 ndi kumsiya yekha, khalani naye kumbuyo kwa kalasi sabata zoyamba, ndipo zolakwa zace mumuuze pa awiri. Musanatenge colembera cofiira, funsani.

Kwa a Boma ndinena kuti, munacita bwino kutsegula khomo, ndipo lisatsekedwenso. Koma pitirizani kumanga ndi kulemba aphunzitsi, ndipo posankha mphunzitsi wamkuru musayang'ane zaka ndi mapepala okha. Funsaninso kuti ana amene anapita m'manja mwace awerenga kodi, ndi kuti aphunzitsi anzace afuna kugwira naye kapena alikumthawa.

Abale, ambiri a ife tigwira nchito zolemera ndi malipiro ocepa, ndipo cimene citidzutsa m'mawa ndi ciyembekezo cakuti ana athu adzafika pamene ife tinalephera. Ciyembekezo cimeneco tacipereka m'manja mwa mai uja wa mau osasa. Iye akagwa, ana 93 agwa naye, ndipo wanga ali pakati pao, ca kukhoma. Lolemba likudzali perekezani mwana wanu kufikira pakhomo pa kalasi, muwerenge mitu monga ndinacitira ine, ndipo mukatero mulonjere mphunzitsi wace ndi kumfunsa cimene cisowa.

Ndine wanu pa nchito,
KALALIKI WAKALE WA PA MGODI,
Lusaka.